Njereza Pachitseko cha a Kalaliki

Tsiku limene Eness anabwerako kuchitsime ndi ndowa yopanda ndi dontho lomwe, Fyson Chimtengo anadziwa kuti zinthu zafika pa mwana wakana phala. Mkazi wakeyo anali wotopa, masiku ake ochira ali pafupi, ndipo kamtunda ka ku Masasa kaja sankakakwera mwamasewera. Munthu wotero sapita kuchitsime kukangoona nkhope za anthu.

"Nanga madzi, Nankhoma?"

"Andikaniza, bambo," anatero Eness akutula ndowayo pansi. "Akuti mkazi wa kapirikoni azikatunga kupolisi. Koma zimenezo n'zazing'ono. Tabwerani kuseri kuno muone."

Kuseri kwa nyumba, m'mphepete mwa denga, munthu wina anali atasomekapo kamtolo ka udzu komanga bwino ndi luzi, pakati pake pali kamtengo ka machesi. Fyson anakagwira. Udzuwo unali wouma gwaa. Tsono inu amene mumaudziwa Mzuzu tandiuzeni, m'mwezi wa Malichi, mvula ikuvumba osapumira, udzu wouma munthu angautole kuti? Ameneyo anachita kuusunga m'nyumba, kuuumitsa pamoto, akuganizira denga la Fyson.

Chinali chaka cha 1959, ndipo mawu oti kapirikoni sanali chipongwe wamba ayi. Kapirikoni anali munthu wakuda wodya ndi azungu a Chitaganya, wopita kukanong'ona mayina a anthu a Kongeresi. Munthu akapatsidwa dzina limenelo, nyumba yake sinkachedwa kusanduka phulusa, ndipo oyatsawo sankagogoda kaye kufunsa ngati m'katimo muli mayi woyembekezera.

Koma Fyson sanagulitse munthu. Mlandu wake unali njereza ndi zitsekerero za mabotolo, ndipo kuti mumve mutu wake tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Fyson anali wa ku Dowa, kalaliki wa boma wodziwa Chingerezi ndi taipi. Chaka chinacho anamutumiza ku Mzuzu kukathandiza mayi wina wachizungu, Dona Merrick, amene anachokera ku sukulu ya ukachenjede kutsidya la nyanja kudzachita kafukufuku. Mzuzu wa masiku amenewo sunali mzinda. Kunali minda ya kampani ya mitengo ija imene njere zake amafinyamo mafuta a penti, timasitolo, maofesi ochepa, ndi nyumba za antchito zimene zinkamera ngati bowa ku Masasa ndi ku Chiputula. Dona anali ndi funso limodzi lomusowetsa mtendere: kodi mwamuna wobwera ku esiteti ndi mkazi wake amakhazikika n'kuiwala kwawo kuposa wosiya mkazi kumudzi? Atumbuka, anthu osachedwa kupereka dzina, anamutcha NyaMafumbo, ndiye kuti mayi wa mafunso.

"Dona, izi n'zosavuta," anatero Fyson tsiku loyamba. "Tikafunse akapitawo ndi akulu a mpingo. Amadziwa aliyense."

"Ndiye tikamva za akapitawo ndi za akulu a mpingo," anayankha Dona m'Chinyanja chake chokhotakhota. "Fyson, ukafuna kudziwa ngati chimanga cha m'thumba chafumbwa, umayang'ana chapamwamba?"

"Ayi, Dona. Umapisa mkono mpaka pansi."

"Eya. Ndipo mkonowo usakhale ndi maso. Ukakhala ndi maso usankha njere zokongola."

Choncho anayenda Masasa yense, kuwerenga nyumba iliyonse ya wantchito wa ku esiteti ndi kuipatsa nambala papepala. Anatola zitsekerero za mabotolo kuseri kwa kalabu ya azungu, n'kulemba nambala imodzi m'kati mwa chitsekerero chilichonse. Zonsezo anazithira m'chitini cha mabisiketi. Fyson anamangidwa mpango kumaso, n'kumapisa dzanja, Dona akukhutchumula chitinicho. Nyumba imene nambala yake yatuluka, imeneyo ndiyo yokafunsa mafunso. Malamulo ake analinso olimba ngati a m'Chipangano Chakale. Mafunso akhale omwewo pakhomo lililonse, ndi kutsatana kwake komwe. Dzina la munthu lisalembedwe. Womasulira anene zimene munthu wanena, osaonjezerapo mchere, osachotsapo, ngakhale yankholo likhale lopusa chotani.

Nambala ina itatuluka, Fyson anaunyinyirika.

"Dona, iyi tiisiye. Mwini wake ndi Gideon Mzumara, amagulitsa makadi a Kongeresi. Aganiza kuti tikumuzonda."

"Maere sabwezedwa," anatero Dona. "Tikayamba kudumpha nyumba zotiopsa, kafukufuku wathu akhala wa anthu ofatsa okhaokha, ndipo likhala bodza."

Ndikuuzeni, Fyson anaikonda njira imeneyi kuposa ndiwo za nyama. Moyo wake wonse anaona zinthu zikuyendera nkhope: mwana wa uje ndiye apite kusukulu, mlamu wa uje ndiye alembedwe ntchito. Lero apa panali chitini chosadziwa mlamu wa munthu! Ankafika kunyumba n'kumamulalikira Eness za mkono wopanda maso, mpaka mkaziyo kumuuza kuti adye kaye, maere sakhuta.

Vuto linali limodzi. Nyumba za ku Masasa zinali zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, zatsopano zinkamera pakati pa zakale sabata ndi sabata, ndipo chifunga chikagwa pepala la Dona silinkathandiza. Nyumba iliyonse ankayenera kuibwerera kangapo, ndipo tsiku lina anakhala m'mawa wonse akufunsa banja lolakwika. Apa m'pamene Fyson anatulukira nzeru yakeyake, nzeru imene inadzamudya. Anati pachitseko cha nyumba iliyonse yotuluka m'chitini ajambulepo kamzere kozungulira ka njereza. Mvula itachotsa zoyambazo, anakafunsa kwa wopaka penti wa ku esiteti, amene anamuuza kuti njerezayo aisakanize ndi mafuta a mitengo ija ndi mchere pang'ono. Inagwira ngati nkhupakupa. Dona anamuyamikira, eni nyumba ankangoseka, ana n'kumalira kuti kwawonso awajambulire.

Kenaka kunagwa zija zinagwa m'dziko monse koyambirira kwa Malichi. Boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi, asilikali achilendo anabwera pa magalimoto akuluakulu, ndipo anthu a Kongeresi anayamba kutoledwa ngati ngumbi. Ku Masasa woyamba kutengedwa anali Gideon. Pachitseko pake panali njereza. Galimoto itabweranso inatenga Jasper, wantchito wa ku esiteti amene ankasokanso zovala pakhonde, munthu wosadziwa ndi khomo la msonkhano lomwe. Pachitseko pake panali njereza. Inatenganso mphunzitsi wina amene pachitseko pake panalibe kanthu, koma ameneyo palibe anamukumbukira. Mantha sadziwa kuwerenga.

Anthu anakumbukiranso mafunso aja. Mumagona angati m'nyumba muno? Amakuchezerani ndani? Lamulungu masana mumapita kuti? Iii, mafunso amene mu Januwale anali oseketsa, mu Malichi anali a polisi enieni. Amayi anakwecha zitseko ndi mchenga, ndi njerwa, ndi phulusa, koma mafuta anali atalowa m'thabwa, ndipo pokwechapo pankatsala bwalo loyera looneka patali kuposa kale. Dona naye anali atachoka. Boma linamutenga pamodzi ndi amayi ena achizungu kupita nawo kumene linkawasunga. Mapepala onse anawakhomera m'bokosi n'kupita nawo kuti polisi isawaone, ndipo pokwera galimoto anangoti, "Fyson, zimene anthu anatiuza usauze munthu." Chitini anamusiyira.

Ndiye tsiku lija la ndowa yopanda madzi, Fyson ali chiimire kuseri ndi kamtolo ka udzu m'manja, kumaso kwa nyumba kunamveka odi.

Anali Overtoun Mzumara, mkulu wake wa Gideon, kalipentala wa ku esiteti, amene nyumba yake inali yoyang'anizana ndi yawo. Ameneyu ndiye anawakhomera chitseko atangofika ku Mzuzu, osalandira kanthu. Mkazi wake, NyaMsiska, ndiye analonjeza kuti tsiku la Eness likafika adzakhala mayi wake, popeza Dowa kunali kutali. Koma chitengedwere Gideon, NyaMsiska ankati akaona Eness n'kulowa m'nyumba.

"Monire, a Kalaliki," anatero Overtoun, osakhala pampando umene anamupatsa. Maso ake anagwera pa udzu uja, n'kuwachotsapo msanga. "Banthu asonkhana ku chitsime. Nawagwira chomene, koma mawoko ghane, manja angawa, ni ghawiri pera. Bwerani muyankhule mwekha. Mukapanda kubwera, iwo ndiwo abwera."

Fyson anavala jekete, n'kutenga chitini pansi pa bedi. Eness anamugwira malaya, kenaka anamusiya.

Kuchitsime kunali anthu ngati kumaliro, amuna atapinda manja, amayi atafunda nsalu chifukwa cha kamvula kowaza. Palibe anamupatsa moni. Fyson anaona zikwanje ziwiri zitatu, ndipo anadziuza kuti eni ake angochokera nazo kumunda. Anaima pakati, n'kutsegula chitini.

Anafotokoza, abale, anafotokoza ngati mphunzitsi. Ananena za thumba la chimanga ndi mkono wopanda maso. Anati palibe munthu anasankha nyumba ya Gideon, kapena ya Jasper, ndipo iye mwini anachita kupempha kuti ya Gideon aidumphe. Anapempha mkulu wina wokalamba kuti atsinzine, apise dzanja. Mkuluyo anatulutsa chitsekerero, Fyson n'kuwerenga nambala, n'kuloza nyumba yake kumtunda. Anabwerezanso, inatuluka ina ya kumunsi. Anthu anayamba kung'ung'udza mosiyana ndi poyamba, ena akusuzumira m'chitinimo. Mpweya unayamba kubwerera m'chifuwa cha Fyson.

Apo m'pamene anatulukira NyaHara, mkazi wa Gideon, mwana ali kumsana, maso atatupa ndi kulira. Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa.

"A Kalaliki, mwati nyumba zose za Masasa zili m'chitini umo?"

"Zonse, mayi. Zonse za antchito."

"Yewo. Tiwonetseni yinu."

Fyson anayang'ana m'chitinimo. Nyumba yake munalibe. Sanaibise, sanachite ukathyali. Lamulo la ntchito ndilo linatero: iye sanali wa ku esiteti, ndipo wofunsa mafunso sadzifunsa yekha. Ananena zimenezo, ndipo pozinena anazimva yekha mmene zinkamvekera m'makutu a mayi amene mwamuna wake sakudziwika kumene ali.

"Ehee!" anakuwa mwamuna wina kumbuyo. "Sing'anga wanji wokana kulawa mankhwala ake?"

"Kapirikoni!"

Bwalo la anthu omuzungulira linayamba kuchepa. Wina anamenya chitini, zitsekerero n'kumwazikira m'matope. Fyson anamva fungo la thukuta la anthu, anaona chikwanje chija chilinso pafupi, ndipo m'mutu mwake munalibe Dona, munalibe Kongeresi, munali Eness yekha akulephera kuthamanga m'nyumba yodzaza utsi. Mantha amene anamugwira apo sanawamvepo chibadwire.

"Tiyese!" anakuwa Fyson. "Chonde, tiyese kaye! Ku ntchito kwathu ganizo sitilikhulupirira tisanaliyese. Inu mukuti njereza ikuitana galimoto. Ine ndikuti ilibe mlandu. Chotsani zitseko zanu zonse za njereza lero lomwe, muzibise. Ine ndikajambula pa changa, ndipo ndigona momwemo ndi mkazi wanga. Galimoto ikabwera tidzaona tonse."

Overtoun ndiye analowa pakati, n'kuyang'ana anthu kaye, kenaka Fyson.

"Mwamva mose," anatero. "Galimoto ikadutsa pakhomo pawo osaima, njereza ilibe mlandu, ndipo munthu asawakhudze. Koma a Kalaliki, pulikani makola, mvetsetsani. Ikaima, asilikali n'kukuonani, n'kukusiyani, apo tidziwa kuti ndinu wawo. Apo ine mawoko nichotsapo."

"Ndavomera," anatero Fyson.

Panalinso njira yachitatu imene galimoto ikanachita, koma palibe anaitchula, ndipo Fyson, katswiri wa kuyesa maganizo, sanaiganizire n'komwe.

Masana omwewo Masasa yense analira nyundo. Zitseko zinazulidwa, zina kukabisidwa m'nthochi, zina kuwazidwa nkhuni, pamakomo n'kupachikapo mphasa ndi masaka. Fyson anasakaniza njereza yotsala, n'kujambula kamzere kozungulira pachitseko chake, anthu akuonerera chapatali. Dzanja limene linajambula bwinobwino pa zitseko za eni ake apa linatulutsa mzere wokhota.

"Bambo, tithawe," anatero Eness atalowa m'nyumba.

"Tipite kuti, Nankhoma? Misewu agwetseramo mitengo, basi sikuyenda. Inu mungafike ndi pa mtsinje pomwe?"

"Nanga mukutsimikiza kuti njerezayi ilibe kanthu?"

"Ndikutsimikiza. Taganizani, zitseko za njereza zinali zambirimbiri. Asilikali akatenga anthu atatu m'mudzi wotere, n'zosadabwitsa kuti awiri akhale a njereza. Zinangochitika. Ndipo mphunzitsi uja bwanji?"

Eness analoza mbale ya nsima. "Mutu wanu ukutsimikiza," anatero. "Koma chakudya chanu simunachikhudze."

Mawa lake galimoto sinabwere, mkuja wakenso ayi. Kudikira kumeneko, abale, kunali kowawa kuposa kumenyedwa. Fyson ankatchera madzi a mvula m'beseni, ofiira ndi udzu wa padenga, kuti Eness amwe. Munthu sankadutsa pakhomo pawo, komabe nthawi zonse pankakhala wina chapatali, atakhala pachitsa, akusema mpini umene sunkatha. Eness ankati akagwira m'chiuno n'kupuma mozama, Fyson ankadzuka ngati walumidwa, akudzifunsa kuti zikayamba lero akagogoda kwa yani. Anayamba kupemphera kuti galimotoyo ibwere, munthu kupempherera chinthu chimene Masasa yense ankachiopa!

Inabwera m'mawa wina chifunga chisanachoke. Anaimva ikubuula pamtunda, ikuterereka m'matope. Fyson anatsegula kawindo pang'ono. Galimotoyo inkayenda pang'onopang'ono, ndipo kutsogolo kwake kunkayenda mzungu wachinyamata wovala yunifolomu, mfuti yaing'ono ili m'manja. Sankayang'ana pepala. Sankayang'ana nkhope za anthu amene anaima m'makonde. Ankayang'ana makomo, lina ndi lina, ndipo pa khomo lililonse la mphasa ankaima kaye, nkhope ikufiira.

Njereza inalibe mlandu, zimenezo zinali zoona, koma munthu uyu ankafunafuna njereza.

Galimoto inaima pakhomo pake.

Anatuluka yekha asanagogode, manja ali m'mwamba, n'kutseka chitseko kumbuyo kwake kuti asalowe kwa Eness. Asilikali anatsika n'kumuzungulira. Kuseri kwa iwo, m'chifungamo, Masasa yense anali ataima phee: Overtoun pakhonde pake, NyaMsiska kumbuyo kwake, NyaHara ndi mwana kumsana, ndi uja wosema mpini.

Womasulira wa mzunguyo anali msilikali wachikulire, kopolo, dzina lake Blackson, wa ku Ntcheu. Atamuyang'ana Fyson anadzidzimuka, n'kusendera pafupi ngati akumufufuza m'matumba.

"Aa, achimwene, si inu a Dona wa mafunso uja?" ananong'ona. "Ndinkakuonani pa galimoto yake kuboma. Mukutani ndi chizindikiro ichi? Bwanayu wabwera posachedwapa, sadziwa kanthu. Anaona njereza pachitseko cha Gideon, ndiye akuti Kongeresi ndiyo inalemba nyumba za anthu ake kuti tsiku lootcha nyumba adzazidumphe. Amene anatenga Jasper uja ndi yemweyu. Nenani msanga kuti ndinu kalaliki wa boma, ine ndikuikirani umboni. Akusiyani pompano."

Ha! Ndiye kuti anthu ankaopa njereza poyesa ya boma, boma n'kumaiopa poyesa ya anthu, ndipo pakati pa mantha awiriwo Jasper anapita ulele. Fyson anafuna kuseka. Mawu amodzi okha, m'Chingerezi chake chabwino chija, akanamumasula. Mzunguyo akanapepesa mwina, mwinanso kumugwira chanza, galimoto n'kubwerera. Ndipo Masasa yense akanaona ndi maso ake asilikali ataima, atamuona, atamusiya. Anacheuka pang'ono. Overtoun ankamuyang'ana, manja atawapinda pachifuwa. M'nyumba munamveka Eness akubuula chapansipansi.

Mzungu anamenya chitseko ndi mfuti yake, n'kukalipa funso. Fyson analimva bwino lomwe, koma anadikira kopolo ngati munthu wosaponda m'kalasi.

"Akuti analemba ichi ndani?"

"Ndine," anatero Fyson m'Chichewa, mokweza kuti amve ndi a m'makonde omwe.

"Achimwene!" ananong'ona Blackson. Mzungu anafunsanso, akuloza makomo a mphasa aja. "Akuti nanga za m'zitseko zinazo, zimene zabisidwa?"

"Ndinenso. Zonse ndinalemba ndine, ndekha. Jasper sadziwa kanthu, eni nyumba sadziwa kanthu."

"Mwapenga kodi? Mukudziwa mmene amvere zimenezi? Akuyesani mkulu wa Kongeresi wa dera lonse lino! Lekani ndimuuze za Dona."

"A Kopolo," anatero Fyson, "inenso ntchito yanga ndi yomasulira. Nenani zimene ndanena. Musaonjezerepo, musachotsepo."

Blackson anamuyang'ana, anayang'ana khamu lija, anayang'ananso chitseko chimene kuseri kwake kunkamveka kubuula. Anali munthu wamkulu, anamva. Anatembenukira kwa bwana wake n'kumasulira mawu aja mmene analili.

Zimene zinatsatira zinachitika msanga. Chitsulo cha mfuti chinamupeza m'nthiti, unyolo unaluma m'manja, ndipo anamuponya m'galimoto ngati thumba. Jekete lake labwino lija linatsala m'matope. Chitseko chinatseguka, Eness n'kutuluka akugwira mphuthu, akufuula dzina lake lenileni, "Fyson! Fyson!", chinthu chimene sanachitepo pagulu chikwatiwire. Anayenda mapazi ochepa n'kugwada, dzanja lili pamimba.

Fyson anayesa kudzuka, msilikali n'kumupondereza paphewa. Sankadziwa kumene ankapita naye. Ena ankati otengedwa amapita ku Nkhata Bay kukakwezedwa sitima, ena ankati amawatumiza ku Rhodesia, ena ankati sabwerako. Ankachita mantha, mantha enieni otulutsa misozi, ndipo sanawabise. Koma maso ake sanachoke pa anthu a m'makonde aja, chifukwa mayeso ake anali asanathe.

Kwa kanthawi palibe anasuntha. Galimoto inaliza injini, n'kuyamba kubwerera chambuyo.

Kenaka NyaMsiska anamukankha mwamuna wake kuti apatuke, n'kudutsa msewu akuthamanga, nsalu ikukwekwereka m'matope. Anagwada pambali pa Eness, anamugwira m'khwapa, n'kukuwira amayi anzake m'Chitumbuka kuti asangoima ngati zitsa, wina akoleze moto. NyaHara anatsitsa mwana wake n'kumupatsira mnzake, analowa m'nyumba ya Fyson, n'kutulukamo ndi ndowa ija. Uja wosema mpini anali atasowa. Overtoun anatola jekete m'matope, analikutumula, n'kukweza dzanja limodzi kuloza ku galimoto, osati mokwera kwambiri, poti asilikali ankaona.

Chifunga chinayamba kuwameza mmodzimmodzi. Chomaliza chimene Fyson anaona chinali NyaHara akutsika kamtunda kaja kulowera kuchitsime, ndowa ya Eness ili pamutu. Kenaka galimoto inakhota, ndipo anatsala ndi nsapato za asilikali ndi unyolo, akudzifunsa kuti mwanayo adzamupatsa dzina ndani.